Hard drive ikayamba kufa: mmene mafayilo amapulumutsidwira

Hard drive yonyamula m'manja, imene anthu ambiri amangoitchula kuti external, ndi kabokosi kolowa m'thumba la malaya koma kosunga ntchito ya zaka zambiri. Pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe ndi m'tauni ya Balaka, kabokosika ndiye mpamba wa anyamata obanitsa nyimbo ndi mafilimu. Ojambula maukwati, zinkhoswe ndi zinamwali amasungamo ntchito za makasitomala awo, ndipo aphunzitsi, alembi a mipingo ndi mizikiti komanso ogwira ntchito m'mabungwe amasungamo mayeso, makalata ndi malipoti. Balaka ndi kwawo kwa oyimba: Alleluya Band inayambira komweko mu 1978, situdiyo ya Imbirani Yahwe ya Paul Banda inasula oyimba ambiri, ndipo Luntha TV ndi Montfort Media alinso komweko. Mawu ndi zithunzi zimene kale zinkakhala pa matepi ndi m'maalubamu, lero zimakhala pa zipangizo zamtunduwu, nthawi zambiri pa chimodzi chokha. Chikayamba kufooka, zimene mwini wake angachite m'maola oyambirira ndi zimene zimagamula ngati mafayilo apulumuke kapena atayike.

M'kati mwa bokosi la pulasitiki muli chitsulo chotsekedwa bwino, ndipo m'chitsulomo muli mbale imodzi kapena zingapo zopyapyala, zagalasi kapena za aluminiyamu, zokutidwa ndi zinthu zogwira maginito. Mota imazungulitsa mbalezo, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, omwe ndi maulendo 90 pa sekondi. Pamwamba pa mbale pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba. Kamutuko sikakhudza mbale ayi. Kamayandama pa mpweya umene mbale imakankha pozungulira, ndipo mpata wa pakati pake ndi wochepa kwambiri moti kachidutswa ka fumbi, ngakhale ka utsi wa fodya, sikangadutsepo. Luso limeneli linayamba ndi kampani ya IBM mu 1956, pamene hard drive yoyamba inali ndi mbale zikuluzikulu 50 ndipo inkasunga zinthu zongofanana ndi nyimbo imodzi ya MP3. Lero makampani opanga zipangizozi atsala atatu: Seagate, Western Digital ndi Toshiba. Dzina la pa bokosi likhoza kukhala lina, koma chitsulo cha m'kati chimachokera kwa mmodzi mwa atatuwa.

Mbale imagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono totchedwa masekita, ndipo fayilo imodzi, monga vidiyo ya ukwati, imadzaza masekita mamiliyoni ambiri amene nthawi zina sakhala moyandikana. Kuti kompyuta idziwe pamene chilichonse chili, hard drive imasunga kaundula wa mayina a mafayilo, mafoda awo ndi malo awo. Kaundulayu amakonzedwa m'njira zosiyanasiyana, monga NTFS, exFAT ndi FAT32. Munthu akadilita fayilo, kompyuta siifufuta pa mbale. Imangolemba m'kaundula kuti malowo ndi aulere tsopano. Fayiloyo imakhalabe pomwepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ntchito yonse yobweza mafayilo yatsamira pa mfundo imeneyi, ndipo n'chifukwa chake kuika chilichonse chatsopano pa hard drive yodwala, ngakhale nyimbo imodzi, n'kuwononga mwayi.

Zimene zimapha zipangizozi ku Machinga ndi ku Balaka sizachilendo. Kugwa ndiko kumapha zambiri. External ikagwa kuchokera pa tebulo ili mkati mozungulira, kamutu kamamenya mbale n'kuikanda, ndipo tizidutswa tochokera pa kukandako timapitiriza kukanda malo ena. Kugwedezeka pa kabaza kapena m'minibasi ya pa msewu wa ku Nayuchi sikoopsa kwenikweni ngati chipangizocho chili chozima ndi chokulungidwa bwino, koma kuchinyamula chikugwira ntchito n'koopsa. Kutentha nakonso kuli ndi mlandu. Opanga ambiri amalemba kuti external igwire ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35 kapena 40, pamene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kashopu kamalata pa Liwonde kapena pa Phalula kamatentha kuposa pamenepo. Magetsi akathima kompyuta ikulemba, kaundula amatsala wolembedwa theka. Zoterezi zinachuluka mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndipo zimachitikanso tsiku ndi tsiku kwa amene amadalira sola yokhala ndi batire yotopa kapena jenereta. Kuzula chingwe osayamba wauza kompyuta kuti itulutse hard drive kumabweretsa vuto lomwelo.

Hard drive ikayamba kuvuta, chinthu choyamba ndi kumvetsera. Hard drive yabwino imayamba kuzungulira, n'kumveka phokoso lofewa losasintha. Ikamalira kuti ke, ke, ke mobwerezabwereza, ndiye kuti kamutu kakulephera kuwerenga, kakubwerera poyambira n'kuyesanso. Ikamalira ngati kambalame koma osazungulira, ndiye kuti mwina kamutu kakanirira pa mbale kapena mota ikulephera kudzuka. Ikamamveka kukwecha, mbale ikukandika nthawi yomweyo. Kukwecha kukamveka, chingwe chizulidwe msanga ndipo chipangizocho chisayatsidwenso kunyumba, chifukwa kuzungulira kulikonse kukupala malo amene mafayilo alembedwapo, ndipo chimene chasanduka fumbi palibe katswiri padziko lapansi amene angachibweze.

Komabe si external iliyonse yokana kuoneka pa kompyuta imene yafa. Nthawi zambiri vuto limakhala chingwe chothyokera m'kati, kapena polowetsa chingwe pogwedera, kapena mphamvu yochepa. Malo a USB 2.0 amapereka mamiliampu 500 pamene a USB 3.0 amapereka 900, ndipo mota ikamadzuka imafuna mphamvu yambiri. Hard drive yolumikizidwa kutsogolo kwa kompyuta yakale, kapena pa kachipangizo kogawa malo a USB, ikhoza kulira ke, ke kapena ngati kambalame chifukwa cha njala ya magetsi chabe. Choncho ngati sinagwe pansi, n'koyenera kuyesa kamodzi ndi chingwe china chachifupi, pa malo a kumbuyo kwa kompyuta kapena pa laputopu ina. Kamodzi kapena kawiri basi, osati tsiku lonse. Ma external ambiri a Seagate ndi ena akatsegulidwa bokosi la pulasitiki, m'kati mumapezeka hard drive wamba ya laputopu yokhala ndi polumikizira pa SATA, ndipo ikhoza kuikidwa m'bokosi lina kapena kulumikizidwa mwachindunji ku kompyuta. Ambiri a Western Digital a mtundu wa My Passport sali choncho: polowetsa USB anawotcherera pa bolodi yeniyeniyo, ndipo ena amabisa zolembedwa zonse ndi kiyi wa m'kati, kotero kusintha bokosi sikuthandiza.

Palinso vuto lofala kwambiri kumalo obanitsira nyimbo, kumene fulashi ndi memory card za anthu ambirimbiri zimalowa pa kompyuta imodzi. Vayirasi ina imabisa mafoda onse n'kusiya tizithunzi ta mashortcut m'malo mwake. Mwini wake amaganiza kuti zonse zapita, pamene kompyuta ikuonetsabe kuti hard drive ndi yodzaza. Mafayilo otere sanapite kulikonse. Vayirasi ikachotsedwa, n'kuuza Windows kuti ionetse zobisika kapena kugwiritsa ntchito lamulo la attrib, zonse zimabwerera. N'zomvetsa chisoni kuti anthu ambiri amafomata hard drive yabwinobwino chifukwa cha vuto laling'ono ngati limeneli.

Pakati pa chingwe chowonongeka ndi mbale yokandika pali matenda amene amapezeka kwambiri: hard drive imaoneka pa kompyuta, koma ikuchedwa, foda ina ikukana kutseguka, kukopera kukuima pakati, kapena Windows ikunena kuti chipangizochi chiyenera kufomatidwa chisanagwiritsidwe ntchito. Funso limeneli liyankhidwe kuti ayi nthawi zonse. Kawirikawiri chimachititsa ndi masekita ofa, amene sakuwerengeka, ndipo ena mwa iwo agwera pamene pali kaundula. Hard drive iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake m'njira yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa mbiriyo m'masekondi ochepa: masekita angati anasamutsidwa, angati akudikira, angati analephereka. Nambala zimenezi zikachoka pa ziro n'kumakwera, chipangizocho chili paulendo. Akatswiri a Google atafufuza ma hard drive oposa 100,000, analengeza mu 2007 kuti imene yapezeka ndi vuto loyamba la masekita imakhala ndi mpata wofa m'masiku 60 otsatira woposa wa inzake maulendo 39. Anapezanso kuti 36 mwa 100 iliyonse imene inafa sinaonetse chizindikiro chilichonse pa SMART. Choncho SMART ikachenjeza ikhulupiriridwe, koma ikakhala chete si umboni woti zonse zili bwino.

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ena okonza makompyuta, amalakwitsa. Amafuna kuchiritsa hard drive, pamene chofunika n'kutulutsa zimene zili m'katimo. Nkhokwe ikadyedwa ndi chiswe n'kuyamba kupendekeka, mlimi amayamba watulutsa chimanga, za mitengo yake amaziona pambuyo. Pulogalamu ya chkdsk ya mu Windows imayesa kukonza kaundula pa mbale yomweyo yodwalayo. Imakakamiza kamutu kofooka kuyenda maola ambiri, imalemba pamwamba pa zimene zikanathandiza pobweza, ndipo mafayilo amene sikuwamvetsa imawadula kapena kuwachotsa m'kaundula. Pa hard drive yathanzi imene yangozulidwa molakwika, chkdsk imathandiza. Pa imene ili ndi masekita ofa, imatha kumalizitsa ntchito imene matenda anayamba. Mapulogalamu olonjeza kudzutsa masekita ofa ndi chimodzimodzi, ndipo defragment ndiye yoipitsitsa chifukwa imasamutsa mafayilo ambirimbiri.

Ngati hard drive ikutsegukabe ndipo zofunika kwenikweni n'zochepa, zimenezo zikoperedwe poyamba: makalata, zithunzi za banja, ntchito ya kasitomala imene sinaperekedwe. Mafilimu a ku Nigeria ndi nyimbo zopezeka kwa mnzake wa pa shopu yoyandikana zikhoza kudikira. Kukopera kukaima pa fayilo ina, fayiloyo idumphidwe, osailimbikira.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kujambula hard drive yonse, sekita ndi sekita, kuiika pa ina yabwino. Pamafunika hard drive yachiwiri yokhala ndi malo oposa kukula konse kwa yodwalayo, osati kukula kwa mafayilo okha. Ya 1TB imafuna malo opitirira 1TB ngakhale ili yodzaza theka. Windows siyoyenera ntchito imeneyi, chifukwa ikakumana ndi sekita yofa imakakamira pomwepo mpaka kompyuta yonse kuuma. Chida chimene akatswiri ambiri amayambira ndi GNU ddrescue, pulogalamu yaulere ya pa Linux imene Antonio Diaz Diaz anaitulutsa mu 2004. Sipafunika kuchotsa Windows: Linux ya mtundu wa SystemRescue imaikidwa pa fulashi, kompyuta n'kuyatsidwa kuchokera pa fulashiyo, ndipo ddrescue imakhala kale m'menemo.

Nzeru ya ddrescue ili pa dongosolo lake. Imayamba yathamanga kutola malo onse osavuta kuwerenga, ndipo ikafika povuta imadumpha n'kupita kutsogolo. Ikatha ndi pamene imabwerera kumalo ovutawo, kuwayandikira kuchokera mbali zonse ziwiri, n'kumayesa sekita imodziimodzi. Motero hard drive ikafera pakati pa ntchito, zambiri zimakhala zitawoloka kale. Imalembanso kafayilo kotchedwa mapfile, kosunga pamene yafika, pamene yadumpha ndi pamene yalephera. Kwa munthu wa ku Nsanama kapena ku Utale, kafayilo kameneka n'kofunika kwambiri: magetsi akathima kapena batire ya sola ikatha, ntchito imapitirira pomwe inalekera, osayambanso pachiyambi. Mapfile isungidwe pa hard drive yabwino kapena pa fulashi, osati pa yodwalayo. Laputopu yokhala ndi batire yamoyo ndi yabwino kuposa kompyuta ya patebulo pa chifukwa chomwechi.

Pali ngozi imodzi imene iyenera kutchulidwa momveka. Linux siitchula ma hard drive ndi zilembo za C kapena E, koma ndi mayina monga sda, sdb ndi sdc, ndipo ddrescue imachita chimene yauzidwa osafunsa zambiri. Munthu akasinthanitsa dzina la kochokera ndi la kopita, amajambula hard drive yopanda kanthu pamwamba pa yodwalayo, n'kufafaniza zonse zimene amafuna kupulumutsa. Mayinawo atsimikiziridwe poona kukula ndi mtundu wa chipangizo chilichonse, ndipo amene sanagwirepo Linux apeze womuthandiza amene anaigwirapo.

Ntchitoyi imafuna kuleza mtima. Hard drive yathanzi ya 1TB imajambulidwa m'maola pafupifupi atatu pa USB 3.0, ndipo pa USB 2.0 imatenga maola asanu ndi atatu kapena kuposa. Yodwala ikhoza kutenga masiku. Nthawi yonseyi ikhale pamalo olimba osagwedezeka, pamthunzi, ndi fani yoipemerera ngati ilipo. M'nyengo yotentha ndi bwino kugwira ntchitoyi usiku. Phokoso likasintha n'kuyamba kugogoda kapena kukwecha, ntchito iimitsidwe.

Chojambulacho chikatha, hard drive yodwala iikidwe pambali, ndipo kufufuza konse kuchitike pa chojambulacho. Nthawi zina chimangotseguka, mafoda onse ali m'malo mwake. Chikakana, pali mapulogalamu awiri aulere olembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France. TestDisk imafufuza magawo otayika ndi kaundula wowonongeka, ndipo ikapambana mafayilo amabwera ndi mayina awo ndi mafoda awo. PhotoRec siwerenga kaundula n'komwe. Imayenda sekita ndi sekita kufunafuna zizindikiro zimene mtundu uliwonse wa fayilo umayambira nazo, ndipo imadziwa mitundu yoposa 400. Imatha kubweza zithunzi ngakhale pa hard drive yofomatidwa mwachangu, koma mayina amatayika, mafayilo n'kubwera ndi manambala okhaokha, ndipo mavidiyo aakulu amene anamwazikana pa mbale amatha kubwera oduka. Wojambula maukwati amene wabwezeredwa zithunzi zikwi makumi angapo zopanda mayina amakhala ndi ntchito ya masabata yosankhula, komabe zili bwino kusiyana n'kukauza banja kuti tsiku lawo linatayika. Recuva, imene ambiri amaidziwa, ndi yabwino pa mafayilo odilitidwa mwangozi pa hard drive yathanzi. Pa mapulogalamu onsewa, zobwezedwa zisungidwe pa chipangizo china, osati pomwe zikuchokera.

Kufomata kuli mitundu iwiri. Kwachangu kumangolemba kaundula watsopano, mafayilo n'kutsala pansi pake. Kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro pa mbale yonse, ndipo pamenepo palibenso chobweza. Ma external a mtundu wa SSD, amene alibe mbale kapena mota, sachita mantha ndi kugwa ngati enawa, koma amafa mwadzidzidzi opanda phokoso, ndipo ambiri amadzifufutira okha malo a mafayilo odilitidwa. Palinso ma external abodza otchipa, olembedwa 2TB kapena kuposa pamene m'kati muli kafulashi kakang'ono. Amaonetsa mayina a mafayilo onse, koma zimene zinapitirira kukula kwake kwenikweni sizinalembedwe paliponse. Pulogalamu ya H2testw imagwira bodza limeneli ngati chipangizo chayesedwa chikadali chatsopano.

Malangizo ena oyenda pakamwa ndi owononga. Kuika hard drive m'furiji kumabweretsa chinyontho pa mbale ikangotuluka. Kuimenya kuti kamutu kamasuke kumakanda mbale. Kumasula chitsulo cha m'kati pa benchi ya pamsika ndiko kuipha, chifukwa fumbi la pa Mangochi Turn-off likangotera pa mbale, kamutu kamaligunda maulendo 90 pa sekondi. Kusintha bolodi ndi ya hard drive ina yofanana nako sikugwira pa zipangizo zamakono, pokhapokha kachipu kosunga zoikika za hard drive imeneyo katasamutsidwa. Imene yamira m'madzi, monga zinachitikira katundu wa mabanja ambiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, isayatsidwe ndipo isayanikidwe padzuwa kapena pamoto, chifukwa matope akauma amamatirira pa mbale. Itsekeredwe m'pepala la pulasitiki n'kupita nayo kwa akatswiri mwamsanga.

Kamutu kakafa kapena kakakanirira, mankhwala ndi kusintha ziwalo za m'kati, ndipo izi zimachitikira m'chipinda cha mpweya wosefedwa, pogwiritsa ntchito ziwalo za hard drive ina yofanana nayo ndendende. Makampani ochita zimenezi alipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo mtengo wake umaposa wa hard drive yatsopano kangapo. Mabanja ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka ali ndi abale ku Joni, choncho njira yotumizira siisowa. Chofunika n'kuikulunga m'zofewa zochindikala, kuiika m'bokosi lolimba, ndi kulemba zonse zimene zinachitika, kuphatikizapo zimene zinayesedwa kale. Mwini wake ayenera kuyeza yekha ngati zimene zili m'katimo zikuyenera ndalamazo, ndipo chiganizochi achipange asanayese njira zakunyumba, chifukwa kuyesa kulikonse kolephera kumachepetsa zimene katswiri angapeze.

Wopereka hard drive kwa wokonza, kaya pa Balaka, ku Zomba kapena ku Blantyre, akumupatsanso zinsinsi zake zonse. Ndi bwino kumufunsa zimene akufuna kuchita asanayambe. Wonena kuti ayamba ndi kujambula hard drive yonse akudziwa ntchito. Wonena kuti ayamba ndi kufomata kapena kuitsegula asapatsidwe. Agwirizanenso kuti chojambulacho chidzafufutidwa ntchito ikatha. Kwa sukulu, chipatala kapena bungwe losunga mayina ndi mbiri za anthu ena, nkhaniyi ndi yalamulo, chifukwa Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene MACRA imayang'anira.

Mafayilo akabwerera asakhalenso pamalo amodzi. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo la 3-2-1: chilichonse chofunika chikhale patatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi zinzake. Kuno kutali kukhoza kukhala kwa mbale wa mudzi wina, kuti moto, akuba kapena madzi asatenge zonse pamodzi. Google Drive imapereka 15GB yaulere, imene ikukwanira makalata ndi zithunzi zosankhidwa ngakhale bandulo ya Airtel kapena TNM singalole kukweza mavidiyo. Kusamutsa mafayilo kuchoka pa laputopu kupita pa external n'kuwadilita pa laputopupo si kusunga kawiri. Akadali pamalo amodzi.

Hard drive yodwala ija nthawi zina imaoneka ngati yachira ikafomatidwa, chifukwa imabisa masekita ofa n'kugwiritsa ntchito ena apadera amene opanga anasiya. Apaderawo ndi owerengeka, ndipo chimene chinapha oyambawo chikadali m'katimo. Isagulitsidwe kwa munthu wina ngati yabwino, ndipo isasungenso chilichonse chimene chilibe pena pochipeza.